Fumbi la mabuleki likudya amakaniko athu ku Cape Town, ndipo chipukutamisozi sichibwera ndi pakamwa

Abale ndi alongo apamsewu, amalonda anzathu ndi inu madalaivala, lero tisiye kaye za mtengo wa randi ndi mizere ya pa Beitbridge. Tikambe za munthu amene amagona pansi pa thiraki kuti ife ndi katundu wathu tikafike kumudzi bwinobwino. Tikunena makaniko. Ambiri mwa anyamata amene amatimasulira matayala ku Bellville, ku Parow, ku Maitland, ku Epping ndi ku Philippi ndi ana akwathu, ochokera ku Mangochi, ku Machinga, ku Nkhata Bay ndi ku Mzimba. Tsiku lililonse akupuma fumbi la mabuleki, ndipo pali magulu atatu a anthu amene akuwanamiza. Pali eni magalaja amene amati fumbilo ndi dothi chabe. Pali ogulitsa masipeya opanda dzina amene amati asibesitosi anatha kalekale. Ndiye pali madobadoba amene ayamba kulonjeza mamiliyoni a chipukutamisozi. Onsewa tikukana bodza lawo, ndipo tifotokoza chifukwa chake.

Asibesitosi ndi mwala wokumbidwa pansi womwe umanyenyeka ngati ulusi. Sapsa ndi moto, n'chifukwa chake kwa zaka zambiri opanga magalimoto ankamuika m'mapadi a mabuleki, m'malainingi a m'dilamu, m'puleti ya kilatchi ndi m'magasiketi. Buleki ikamadyeka, kapena makaniko akamapala lainingi yatsopano kuti ikwane, timaulusi take timauluka. Ndi tating'ono koti diso silingaone, tilibe fungo, ndipo tikakalowa mkati mwa mapapo tambiri sititulukanso. Bungwe la WHO limanena mosapsatira kuti mitundu yonse ya asibesitosi imayambitsa khansa, ngakhale woyera uja amene ena amamuikira kumbuyo, ndipo anthu oposa 200,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa chopuma fumbi limeneli kuntchito.

Matenda ake akuluakulu ndi atatu. Pali asbestosis, pamene mapapo amachita zipsera n'kuuma, munthu n'kumachita befu ngakhale pokwera masitepe awiri. Pali khansa ya m'mapapo, imene imathamanga kwambiri kwa munthu wosuta fodya. Ndiye pali mesothelioma, khansa ya kachikopa kamene kamakuta mapapo, yomwe mpaka lero ilibe mankhwala ochiza. Kuipa kwa matendawa ndi kudekha kwake. Amatha kubisala zaka 20, 30, ngakhale 40. Mnyamata wa zaka 22 amene akupemerera dilamu ndi kompulesa lero m'mbali mwa Voortrekker Road adzayamba kumva kubaya m'nthiti ali ndi zaka za m'ma 50, ali kumudzi, galaja ija itatsekedwa kalekale. Achibale adzati wam'lodza ndi mnansi chifukwa anamanga nyumba ya malata. Kuchipatala adzaganiza kaye za TB. Palibe amene adzakumbuke dilamu ija.

Zoti matendawa amasokonezeka ndi TB sitikupeka ife. Nkhani yake inachitikira muno m'South Africa momwe. Dziko lino linkakumba mitundu yonse itatu: wabuluu ku Prieska, ku Koegas ndi ku Kuruman m'chigawo cha Northern Cape, wabulauni ku Penge m'chigawo cha Limpopo, ndi woyera ku Msauli kufupi ndi Barberton. Pachipatala cha TB cha West End ku Kimberley, dokotala wina, C.A. Sleggs, anadabwa kuona odwala ena ochokera kumadera a migodi osachira ndi mankhwala a TB. Mu 1960, iye pamodzi ndi J.C. Wagner ndi Paul Marchand anatulutsa zotsatira za odwala 33 a mesothelioma, ndipo pafupifupi onse anali atakhudzanapo ndi asibesitosi. Ena sanalowepo n'komwe mumgodi, ankangokhala pafupi kapena kusewera pamilu ya zinyalala zake ali ana. Dziko lonse linadziwira pamenepo. Ndiye mwini galaja wa ku Cape Town akamanena lero kuti fumbi ndi fumbi basi, akukana zimene madokotala a m'dziko lake anapeza zaka zoposa 60 zapitazo.

Tiyeni tiyankhe mabodzawa limodzilimodzi.

Bodza loyamba ndi lakuti boma linaletsa, ndiye nkhani inatha. N'zoona kuti mu March 2008 South Africa inaletsa kupanga, kugwiritsa ntchito, kulowetsa ndi kutulutsa asibesitosi ndi katundu aliyense amene ali naye. Mozambique nayo inaletsa mu 2010. Koma lamulo ndi pepala, silimalowa m'dilamu kukatsuka. Ife tikudziwa mmene magalimoto a pamsewu uno amayendera. Thiraki imakhomedwa malainingi ku Limbe, ku Lusaka, ku Tete kapena ku Harare, n'kutsika N1 kudzera ku Beaufort West, n'kudyetsa mabuleki ake pa Hex River, n'kudzafika ku Epping dilamu itadzaza fumbi. Amene aitsegule ndi mnyamata wakwathu. Ndani akudziwa chimene chili m'malainingi amenewo? Dalaivala sadziwa, mwini thiraki sadziwa, amene anakhoma uja nayenso anangogula m'katoni yopanda dzina. Onjezanipo mabasi akale, mathirakitala a m'mafamu a mphesa ndi magalimoto akalekale amene amakonzedwa ndi masipeya ochotsa kusikirapu.

Musaganizenso kuti chatsopano chilichonse n'choyera. Russia, Kazakhstan ndi China akukumbabe asibesitosi, ndipo India amagula wambiri n'kumapangira katundu. Mu 2012 dziko la Australia, lomwe limayang'anira malire ake molimba, linapeza asibesitosi m'magasiketi a magalimoto atsopano a Great Wall ndi Chery oposa 20,000. America nayo yadzaletsa asibesitosi woyera mu March 2024, kuphatikizapo wa m'mabuleki ogulitsidwa ngati masipeya. Ngati mayiko okhala ndi zipangizo zoyezera akumukumanabe, kuli bwanji katoni yogulidwa kuseri kwa shopu pamtengo wa theka?

Bodza lachiwiri ndi la anthu ophunzirako pang'ono. Amati kutentha kwa buleki kumawotcha asibesitosi n'kumusandutsa dothi losaopsa. Mbali ina n'zoona, wambiri amasinthadi ndi kutentha. Koma si yense, ndipo lainingi yatsopano imene makaniko akuiboola, kuikhoma mariveti ndi kuipala ndi grinder sinatenthedwepo ndi buleki iliyonse. Ulusi wake umatuluka wamoyo. Mkangano umenewu unakula ku America chifukwa makampani a magalimoto ankazengedwa milandu ndi amakaniko odwala, ndipo makampaniwo analipira ndalama zambiri pa kafukufuku woti awathandize m'khoti. Komabe mabungwe a boma la America oona zachilengedwe ndi zachitetezo pantchito, EPA ndi OSHA, amalangizabe amakaniko kuti asapemerere mabuleki ndi mphepo ya kompulesa. Ife tisankha kumvera amene alibe chotaya makaniko akakhala ndi moyo.

Bodza lachitatu ndi la mkaka. Mabwana ena amagulira anyamata paketi ya mkaka poweruka, ati utsuka fumbi pachifuwa. Mkaka umapita m'mimba, fumbi lili m'mapapo, ndi misewu iwiri yosakumana. Mpango womanga pamphuno, kapena kamasiki kabuluu kaja tinkavala nthawi ya Covid, nakonso sikagwira ulusi umenewu. Bwana amene akukupatsa mkaka m'malo mwa masiki yoyenera akugula chete wako ndi R20.

Tsopano tifike pa ndalama, poti apa ndi pamene anthu akuberedwa. Pa Facebook ndi pa YouTube pamatuluka zotsatsa za maloya a ku America zonena za amakaniko amene anapata mamiliyoni a madola. Milandu imeneyo ilipodi, koma ndi ya m'makhoti a ku America, yozengedwa ndi malamulo a kumeneko, pa makampani ngati Ford ndi opanga mabuleki a Bendix. Siikhudza munthu amene wagwira ntchito ku Parow. Munthu akakupezani kuti mupereke R500 akulembeni m'kaundula wa chipepeso cha asibesitosi, ameneyo ndi wakuba. Ndi mtundu womwe uja umene wakhala ukudyera madala athu a Theba, kuwatolera ndalama zolembetsera chaka ndi chaka uku iwo akudikira zawo za kumigodi.

Milandu ikuluikulu ya asibesitosi muno inalipo, ndipo ndi bwino tiidziwe kuti asatinamize nayo. Anthu pafupifupi 7,500 anasumira kampani ya ku Britain ya Cape plc, loya wawo Richard Meeran. Mlandu unayamba mu 1997, ndipo mu 2000 khoti la House of Lords linavomera kuti uzengedwe ku London. Mu 2003 kampaniyo inalipira mapaundi 7.5 miliyoni. Gawani nokha ndi anthu 7,500, muone ngati umenewo ndi mtengo wa mapapo a munthu. Mazanamazana anamwalira akudikira. Chaka chomwecho kampani ya Gencor ndi ena anagwirizana ndi loya Richard Spoor, ndipo panabadwa thumba la Asbestos Relief Trust. Mu 2006 panabweranso Kgalagadi Relief Trust. Koma matumba awiriwa ndi a anthu amene ankagwira m'migodi ina yotchulidwa maina ndi amene ankakhala moyandikana nayo. Makaniko wa m'galaja mulibemo. Wina akakuuzani kuti akulowetsani ku Trust, m'funseni kuti munakumba mgodi uti.

Njira ya makaniko wolembedwa ntchito ndi lamulo la COIDA la 1993, ndipo lili ndi mbali ziwiri zimene aliyense ayenera kuzimvetsa. Mbali yowawa ndi yakuti ndime 35 imakuletsa kusumira bwana wako kukhoti chifukwa cha matenda a kuntchito. Ndalama imachokera kuthumba la chipepeso, la boma la Compensation Fund kapena la Rand Mutual Assurance, lomwe kuyambira 2015 limasamalira gawo la ntchito za zitsulo ndi magalaja. Mbali yabwino ndi yakuti matenda a asibesitosi ali pamndandanda wa matenda a kuntchito, ndipo ukaonetsa kuti unagwira ntchito ya fumbi limeneli, lamulo limayamba n'kuganiza kuti matendawo anachokera kumeneko. Suyenera kuonetsa kuti bwana analakwa. Ngakhale bwana akhale kuti sanalembetse galaja yake kuthumbako, wantchito ufulu wake sutha, ndi bwanayo amene amalipitsidwa. Mafomu ake ndi W.Cl.14 ya wodwala, W.Cl.22 ya dokotala ndi W.Cl.1 ya bwana. Kupereka mafomu amenewa kulibe malipiro. Pali malire a nthawi, ndipo kwa zaka zambiri anali miyezi 12 kuchokera tsiku limene dokotala wapeza matenda, choncho wodwala asagone nawo.

Koma taonani pamene pali dzenje. Zonsezi zimayenda ndi umboni woti unalembedwa ntchito. Anyamata athu ambiri amalandira ndalama pamanja Loweruka, popanda payslip, popanda kontirakiti, ena akugwira ndi dzina la m'bale wawo. Patapita zaka 30, udzaonetsa chiyani? Madala a kumigodi ya golide amene akufunsira ndalama ku Tshiamiso Trust lero, amene zikuwayenderako ndi omwe mbiri ya ntchito yawo inalembedwa penapake. Makaniko wa kuseri kwa nyumba ku Dunoon alibe ofesi imene inamulemba. Ndipo amene amadzigwirira yekha m'mbali mwa msewu si wantchito wa munthu, COIDA siimuphimba. Lamulo lakwathu la Workers' Compensation Act la 2000 limagwira mabwana a ku Malawi, silingakafike ku Maitland. Ndiye tinene mosazungulira: kwa ambiri mwa abale athu, chipukutamisozi sichidzabwera. Chimene ali nacho ndi mapapo awiri okhawo, ndipo nthawi yowateteza ndi ino.

Ena amaopa kufunsa pepala chifukwa pemiti inatha. Mantha amenewo ndi amene mabwana ena amadyerapo. Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA, khoti la zantchito linagamula kuti mlendo amene alibe chilolezo chogwirira ntchito ndi wantchitobe pamaso pa lamulo la zantchito. Izi sizikonza nkhani yako ndi a Home Affairs, koma zikutanthauza kuti bwana sangakuone ngati chipangizo. Amene akufuna uphungu apite ku Labour Centre ya ku Bellville kapena ya m'tauni, ku Legal Aid South Africa, kapena ku Scalabrini Centre yomwe imathandiza alendo. Za magalaja zilinso ndi bungwe lake, MIBCO. Safunsa anadya phula.

Kwa inu amakaniko, achimwene athu, zochita zake sizodula. Dilamu iliyonse muitenge ngati ili ndi asibesitosi, poti ndi maso simungasiyanitse. Kompulesa isayandikire buleki kapena kilatchi. Musapemerere ndi pakamwa, musasese ndi bulashi youma. Tengani kabotolo kopopera, muikemo madzi ndi sopo pang'ono, nyowetsani pang'onopang'ono, pukutani ndi kansanza, kansanzako mukamange m'pulasitiki kadakali konyowa. Masiki yake ndi yolembedwa FFP3 kapena P3, yogwira bwino kumaso. Lainingi yofuna kupala ndi grinder ikaneni, gulani yobwera yokwana kale. Musadyere pamalo okonzera, sambani m'manja musanagwire chakudya. Ovolosi isapite kunyumba. Amayi ambiri padziko lapansi anadwala mesothelioma chifukwa chokutumula ndi kuchapa zovala za amuna awo, ndipo m'shaki ya chipinda chimodzi, mwana amagona pafupi ndi pamene mwakoleka ovolosiyo. Ndipo siyani fodya, chifukwa fodya ndi asibesitosi akakumana m'chifuwa chimodzi amathandizana kupha.

Sunganinso mbiri yanu. Kope la R15 likukwana. Lembani dzina la galaja, msewu wake, dzina la bwana, tsiku loyamba ndi lomaliza, ndi ntchito imene munkagwira. Jambulani payslip iliyonse, sungani mauthenga a malipiro a pafoni, jambulitsani muli pantchito, tumizani zonsezo kwa m'bale wodalirika kumudzi. Mukayamba befu, kubaya m'nthiti kapena chifuwa chosamva mankhwala a TB, muuzeni dokotala ndi pakamwa panu kuti mwagwira mabuleki zaka zakutizakuti. Dokotala sangalote. Ku Groote Schuur kuli kiliniki yoona matenda a kuntchito, pemphani kalata kukiliniki ya kwanuko kuti akutumizeni kumeneko. Mukadwalira kumudzi, mawu omwewo mukawanene ku Queens kapena ku Central.

Kwa inu madalaivala, fumbi limeneli silisankha. Mumakhala pa tayala pomwepo mukudya chipisi uku mnyamata akupemerera dilamu, ndipo mphepo ya ku Cape ija ikawomba imagawira aliyense. Ambiri mumasinthanso nokha malainingi panjira. Mukaona kompulesa ikulunjika pa buleki ya thiraki yanu, letsani. Ndinu kasitomala, mawu anu amamveka kuposa a mnyamata woopa kuchotsedwa ntchito. Mphindi 10 zonyowetsa dilamu sizingakuchedwetseni kuposa mzere wa pa Nyamapanda. Galaja imene ikukana, isiyeni, ndipo muuze anzanu chifukwa chake. Mwini galaja samva ulaliki, amamva thiraki ikapita kwa mnzake.

Kwa ife amalonda, nkhaniyi ili m'manja mwathu kuposa mmene ena akuganizira. Mapadi, malainingi, makilatchi ndi magasiketi ambiri amene ali m'mashopu a ku Limbe ndi ku Biwi amadutsa m'mabasi ndi m'mathiraki athu. Pali ena pakati pathu amene amaoda zotchipa zopanda dzina la wopanga, zopanda adiresi, zopanda nambala, n'kumati kasitomala wa kumudzi amangofuna mtengo. Phindu limenelo ndi la magazi. Odani kwa ogulitsa odziwika, katundu wa m'bokosi lomata, lolembedwa wopanga ndi mawu oti asbestos free, ndipo tengani invoice. Zolemba pabokosi zikhoza kunama, inde, koma wogulitsa amene wakupatsa invoice ali ndi dzina loti alitaye, pamene wa kuseri kwa kontena mawa sudzamupeza. Malainingi a mabuleki ogulitsidwa muno amayenera kukwaniritsa muyezo wa bungwe la NRCS, ndiye funsani. Dziwaninso kuti ndime 61 ya Consumer Protection Act ya 2008 imati katundu woopsa akavulaza munthu, mlandu umatha kugwera wopanga, woitanitsa, wogawa ngakhale wogulitsa m'shopu. COIDA imatchinjiriza bwana wa makaniko, koma siitchinjiriza iwe amene unamugulitsa sipeyayo.

Chimodzimodzi malata akale a asibesitosi amene akuchotsedwa panyumba za ku Cape Flats. Wina akakupatsani mwaulere kapena motchipa kuti mukafolere khola kumudzi, kanani. Akale amafumbutuka, akasweka m'thiraki fumbi lake limalowa m'mabelo a zovala ndi m'matumba a katundu wa anthu, ndipo kuwatulutsa m'dziko muno ndi mlandu. Lamulo la 2020 la Asbestos Abatement Regulations limafuna kuti ntchito yochotsa zinthu zotere igwiridwe ndi makontirakitala olembetsedwa, ndi kuti zikatayidwe kumalo ovomerezeka. Amene akukupatsani inu akungothawa mtengo wokataya.

Tikudziwa ena anena kuti munthu wosauka sasankha ntchito, ndipo njala imapha msanga kuposa fumbi. N'zoona kuti palibe amene anabwera ku Joni kudzasewera. Koma sitikuuza munthu kuti asiye sipanala. Tikunena za botolo la madzi, masiki yoyenera, kope ndi invoice. Zonsezi pamodzi sizifika mtengo wa tayala limodzi lakutha. Timasonkherana masauzande a marandi kuti titumize maliro kumudzi, ndipo timachita bwino, koma n'chifukwa chiyani dzanja limauma pogulira masiki munthu yemweyo adakali moyo? Magulu athu a maliro ndi a mipingo angathe kugula bokosi la masiki n'kugawira anyamata a m'dera lawo mwezi uno. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Uthengawu muufikitse kwa makaniko amene amakukonzerani galimoto, ndipo ngati sawerenga bwino, muwerengereni. Ulendo wotsatira mukapita kugalaja, nyamulani masiki ya FFP3 ndi kabotolo kopopera, mukamusiyire. Yendani bwino pamsewu, abale.